Ayatse mawa lake kapena adikire mwezi? Yankho kwa mayi wopita ndi mwana ku opaleshoni ya khutu

Imelo ya mayi wina wa ku Lilongwe yakhalitsa ndisanaiyankhe, chifukwa ndikangoitsegula mtima umandiwawa. Mwana wawo wazaka zisanu anasiya kumva atadwala matenda oumitsa khosi. Abale asonkha ndalama ndipo akupita naye ku India kukamuika cochlear implant (implanti), kachipangizo ka magetsi kothandiza kumva kamene mbali yake ina amaiika m'kati mwa khutu pa opaleshoni, ina n'kumavala kunja. Chipatala cha kumeneko chati kachipangizoko adzakayatsa mawa lake la opaleshoni kuti asachedwe kubwerera, koma namwino wina wachibale wawaopseza kuti bala lamkati limafuna mwezi, magetsi akalowa msanga awononga khutu. Akufunsa kuti amvere ndani.

Mayi, pepani pokuchedwetsani. Ine mweziwo ndinaudikira, ndiye mundilole ndiyambire pamenepo.

Makutu anga anatha ndi majakisoni a kanamycin pamene ndinkalandira chithandizo cha TB yosamva mankhwala kuno ku South Africa. Jakisoni ameneyu ankabayidwa pafupifupi tsiku lililonse kwa miyezi yambiri. Kunayamba kulira kwa m'khutu, kenako mawu a ana ndi a amayi anayamba kundisowa, pomaliza onse. TB inachoka, makutu anapita nayo limodzi. Mu 2018 dziko lino linayamba kupatsa odwala bedaquiline m'malo mwa majakisoniwo, ndipo chaka chomwecho WHO inasiya kulimbikitsa kanamycin. Ndinasangalalira anzanga obwera m'mbuyo, koma ine zinandipeza nditagontha kale.

Atandichita opaleshoni anandiuza kuti ndibwererenso pakatha mwezi. Chimene sanandifotokozere momveka n'chakuti kakumva kochepa kamene kanatsala m'khutu limenelo, kamene ndinkamvera chitseko chikamenyetsedwa kapena lole ikamadutsa, kakhoza kupita. Kanapitadi. Ndinagona m'kachipinda ka lendi bandeji ili kumutu, ndikatembenuka pabedi denga n'kumazungulira, nsima ikumveka chitsulochitsulo mbali imodzi ya lilime, m'mutu muli phokoso losatha pamene kunja kuli zii. Mkazi wanga ankandilembera mauthenga pa foni tili pampando umodzi. Achimwene anga ku Ntcheu, amene anagulitsa ng'ombe kuti athandizepo, ankafunsa pa WhatsApp m'mawa uliwonse ngati ndayamba kumva, poti opaleshoni yatheka. Muwauze bwanji anthu amene ataya ng'ombe kuti pakali pano ndikumva zochepa kuposa kale? Ndinkangoyankha kuti tikuthokoza Mulungu. Usiku ndinkasisita kachotupa kuseri kwa khutu n'kumadzifunsa ngati chinthucho chikugwira ntchito n'komwe, ndipo panalibe njira yodziwira kufikira tsiku loyatsa.

Zachitsulo pa lilimezo zimabwera chifukwa kamtsempha kolawira chakudya kamadutsa m'khutu momwemo, pamene dokotala amabooleramo. Chizungulire chimabwera chifukwa chiwalo chotithandiza kuima osagwa chili pafupi ndi kankhono ka m'khutu, ndipo timadzi ta ziwalo ziwirizi n'tolumikizana. Kwa ambiri zonsezi zimatha zokha. Ndikukuuzani kuti mwana akadzakana chakudya kapena kudzandira poyenda musadzathamangire kunena kuti ndi magetsi amene ayatsidwa msanga. Ine zinandichitikira kachipangizo kali chithimire.

Nanga mweziwo unachokera kuti? Pamene dokotala wa ku Australia Graeme Clark ankaika implanti yake yoyamba ku Melbourne mu 1978, komanso kwa zaka zambiri pambuyo pake, madokotala ankacheka khungu lalikulu la kumutu n'kulifunyulula. Bala lotero limatupa kwambiri. Tsono kachipangizo kakunja kamamatirira pamutu ndi maginito, ndipo mphamvu ndi mauthenga zimadutsa pakhungupo kupita ku kamkati. Khungu likatupa maginito sagwira, ndipo kukanikiza bala laliwisi kumatha kulitsegula kapena kulowetsa tizilombo. Mweziwo unali wodikira khungu lakunja. Masiku ano amacheka pang'ono chabe kuseri kwa khutu, masentimita ochepa, ndipo maginito amakhala patali ndi ulusi.

Anamwino achibalewo ndikuwalemekeza, akufunira mwana zabwino, koma pa za magetsi alakwitsa. Magetsi amalowa m'khutumo tsiku la opaleshoni lomwelo. Wodwala ali chigonere, asanamusoke n'komwe, m'zipatala zambiri amayesa ma electrode onse (tizitsulo ting'onoting'ono ta kachipangizo kamkati totulutsa magetsi) limodzilimodzi n'kuona ngati mtsempha wakumva ukuyankha. Madokotala a ku Cheng Hsin General Hospital ku Taipei analemba kale mu 2013 za odwala amene anawayatsira pasanathe maola 24. A ku King Saud University ku Riyadh, motsogozedwa ndi Abdulrahman Hagr, anachitanso chimodzimodzi, ndipo ku Germany zipatala zina zimayatsa pakangopita masiku awiri kapena atatu. Chimene apeza n'chakuti mabala savuta kuposa a odikira mwezi, ndipo pakapita miyezi kamvedwe ka magulu awiriwa kamafanana. Kuyatsa msanga sikupangitsa munthu kudzamva bwino koposa, kumangomuchotsera mwezi wa mdima uja. Akanandifunsa ine, ndikanasankha mawa lake mosazengereza.

Komabe kalata yanu yandikwiyitsa, mayi, ndipo si inu mwandikwiyitsa. Mwalemba kuti ayatsa msanga "kuti tisachedwe kubwerera." Ku Taipei ndi ku Riyadh wodwala akamuyatsira mawa lake amabwereranso kangapo kudzatchunitsa. Inu akukuyatsirani kuti mukwere ndege. Chipatala chimene chikulandira ndalama za opaleshoni koma osafunsa kuti ndani adzatchuna kachipangizo mwana akafika ku Lilongwe chikugulitsa theka la chithandizo pa mtengo wathunthu, ndipo ndinganene zimenezi pamaso pa dokotala aliyense.

Zimene zimachitika mkatimo

Kankhono ka m'khutu kamapindika kawiri ndi theka, ndipo kutambasula kangafike mamilimita pafupifupi 35. M'kati mwake muli timadzi. Dokotala amalowetsamo kawaya kofewa kokhala ndi ma electrode, 12 ngati ndi ka kampani ya MED-EL, 16 ka Advanced Bionics, 22 ka Cochlear. Thupi silidziwa kuti kawayako mwakagula ndi ndalama zankhaninkhani. Limakaona ngati munga wothyokera kuphazi, n'kuyamba kukamangira mnofu mozungulira. Poyamba pamamatirira timapuloteni, kenako maselo olimbana ndi zachilendo, kenako chipsera chopyapyala, ndipo mwa ena pamadzamera ndi kafupa katsopano. N'chifukwa chake madokotala ambiri amapereka mankhwala ochepetsa kutupa monga dexamethasone, ndiponso n'chifukwa chake kakumva kotsalira kamatha kuzimiririka patapita masabata kapena miyezi, ngakhale opaleshoni itayenda bwino.

Akatswiri oyeza makutu amatsata zimenezi ndi nambala yotchedwa impedance, imene imasonyeza kuti magetsi akuvutika bwanji kutuluka pa electrode iliyonse. Tsiku loyamba imakhala yotsika, m'masabata otsatira imakwera, kenako imatsikako kachipangizo kakamagwira ntchito, n'kudzakhazikika patapita miyezi. Nawonso mtsempha ndi ubongo zimazolowera: mphamvu imene inali yokwanira tsiku loyamba imadzachepa, mawu n'kumamveka patali. Khutu limene atchuna mawa la opaleshoni si limene mwana adzakhale nalo pakatha masabata atatu. Ine tsiku loyatsa ndinkangomva pii pii, mkazi wanga akulankhula ine n'kumamva kulira kokha. Mawu enieni anabwera pang'onopang'ono, nditatchunitsa mobwerezabwereza, ndipo ine ndine wamkulu wotha kunena kuti apa pakuwawa, apa sipakumveka. Mwana wazaka zisanu sanena zimenezo. Amangokazula kumutu n'kukaponya pansi, kapena amakavala koma mukamuitana osatembenuka. Ndinaonapo banja lina kuno limene linafika poti opaleshoni inalephereka, ena n'kuyamba kutchula za anthu akumudzi, kachipangizo n'kukatsekera mu sutikesi, chikhalirecho chinkangofunika ndi kukhala pansi ndi katswiri ndi kompyuta yake.

Ndipatukeko pang'ono. Padzapezeka wokuuzani kuti musiye kulankhula ndi mwana ndi manja, ati achita ulesi kumvetsera. Musamumvere. Kachipangizo kamavulidwa pogona, kambiri kamavulidwanso posamba, batire imatha, kachingwe kamaduka, ndipo kwathuko magetsi akathima usiku wonse tchaja imangokhala. Pa maola amenewo mwana wanu ndi wosamva ngati kale, ndipo akadwala m'mimba pakati pa usiku ayenera kukhala ndi njira yokuuzirani. Aphunzitsi a ku Mua, Mary View ndi Embangweni akhala akuphunzitsa ana osamva kwa zaka zambiri, ndipo a MANAD, bungwe la anthu osamva ku Malawi, angakulozereni kophunzirira chinenero chamanja. Ine ndinachiphunzira ndili wamkulu, manja ali ouma, ndipo mpaka lero ndi chimene timagwiritsa ntchito m'nyumba muno ndikavula.

Palinso chinthu china cha mwana wanu chimene ine ndinalibe. Matenda oumitsa khosi amatha kusandutsa timadzi ta m'kankhono kukhala chipsera, kenako fupa, ndipo izi zikhoza kuyamba patangopita masabata ochepa munthu atadwala. Fupalo likadzaza, kawaya sikalowa konse kapena kamalowa theka. Choncho tsiku limene muyenera kulilimbira ndi la opaleshoni. Musaisunthe pofuna kupeza chipatala chodikira mwezi. Makutu otere amafunanso magetsi ochulukirapo, ndipo nthawi zina magetsiwo amafika pa mtsempha wa nkhope. Mukaona chikope kapena mlomo ukugwedera kachipangizo kakayatsidwa, kavuleni n'kudziwitsa katswiri, amachepetsa kapena kuthimitsa electrode imene ikuchititsayo.

Ku Queens ku Blantyre maopaleshoni amenewa anayamba kuchitika mu 2014, Dr Wakisa Mulwafu akugwira ntchito ndi madokotala ochokera ku Britain, ndipo kumeneko kuli kiliniki yoyeza makutu. Ku Lilongwe kwanuko kuli ABC Hearing Clinic. Pitaniko musananyamuke, muwauze kampani imene yapanga kachipangizo kamene a ku India akufuna kuika, muwafunse ngati ali ndi pulogalamu ndi chingwe chake. Kampani iliyonse ili ndi zake, za MED-EL sizitchuna ka Cochlear. Akati alibe, kambiranani ndi chipatala cha ku India za kusintha kampani opaleshoni isanachitike, chifukwa kamkati kakalowa kalowa.

Tsono yankho: lolani ayatse mawa lake ngati dokotala waona kuti bala lili bwino ndipo kutupa n'kochepa. Akati tidikire masiku angapo, dikirani, simutaya kanthu. Pemphani kuti atchunenso musanakwere ndege, akuikireni mapulogalamu angapo okwera pang'onopang'ono, ndipo akupatseni zonse zimene atchuna zolembedwa papepala komanso pa fulashi. Pakhungu lotupa amaika maginito amphamvu, ndiye mutengerenso ofookerapo, muziyang'ana pamalopo tsiku lililonse, pakafiira kapena kulowa m'kati musinthe. Funsaninso za katemera woonjezera wa pneumococcus, chifukwa ana ovala implanti amagwidwa matenda oumitsa khosi mosavuta kuposa anzawo. Mwana akatentha thupi, khutu likatuluka mafinya kapena pabala pakatupa, pitani naye kuchipatala tsiku lomwelo ndipo muwauze msanga kuti ali ndi implanti.