Za sikani ya PET ya bambo anu, musanagulitse munda

Achemwali, pepani ndi matenda a bambo. Ndawerenga zomwe mwalemba, kuti ali ndi zaka 68, PSA (kuyeza magazi koona za prostate, kachiwalo ka amuna komwe kali pansi pa chikhodzodzo) yatuluka 14, usiku akudzuka kasanu kukakodza, ndiye wina wakuuzani kuti basi thamangirani ku India mukachite PET scan. Ife tinadutsamo ndi atsibweni anga zaka ziwiri zapitazo ndiye ndiyankhe zomwe ndinaphunzira, koma ine si dokotala, ndinali wonyamula mafayilo chabe.

Dikirani kaye. Sikani imeneyi siyoyambira. PSA kukwera sikuti ndi khansa ayi, imakweranso prostate ikangotupa ndi ukalamba kapena pakakhala infection ya mikodzo. Chomwe chimatsimikiza ndi biopsy, amadula tinyama tating'ono m'prostate n'kukationa ku labu, ndipo pepala lake limabwera ndi nambala ya Gleason, imayambira 6 kufika 10. Ikakhala 6 nthawi zambiri ndi khansa yaulesi, ena amangoiyang'anira osaigwira, koma 8, 9, 10 ndiye yolusa. Ndiye pitani kaye ku Central, pa KCH pompa, mufunse kuonana ndi a urology, madokotala a za mikodzo ndi prostate, kapena ku private ngati thumba likulola. Funsaninso ngati bambo akumwa finasteride chifukwa mankhwala amenewo amatsitsa PSA pafupifupi ndi theka, dokotala akuyenera kudziwa.

Biopsy ikanena kuti ndi khansa, funso limakhala lakuti yafika pati, ili mu prostate mokha kapena yalowa mu mianabele ndi m'mafupa. Apa ndi pomwe masikani a jakisoni, monga PET, amalowera. Amakubaya pamkono timankhwala ta radiation pang'ono, timayenda ndi magazi n'kukamatirira pomwe pali vuto, kenako makina amaona pomwe pakuwala.

Yakale ndi bone scan, amagwiritsa technetium-99m, ukabayidwa umadikira maola awiri kapena atatu ukumwa madzi. Ndiyotsika mtengo koma imaona mafupa okha, komanso imasokoneza, pomwe munthu anathyoka kalekale kapena nyamakazi pamawalanso. Atsibweni anawala nthiti ziwiri, azakhali anayamba kulira pa corridor, kumapeto kunapezeka kuti ndi pomwe anagwera panjinga akuchokera ku Mitundu zaka za m'mbuyomo.

Yomwe mukufuna, ngati ifunike, ndi PSMA PET/CT. Gwirani dzina limeneli bwinobwino, PSMA. Ma PET ambiri amachita ndi FDG, yomwe ili ngati shuga, imagwira bwino pa khansa zina koma ya prostate nthawi zambiri siikoka shuga kwambiri ndiye mutha kulipira madola ambirimbiri, tikiti, hotelo, forex yovutayi, n'kubwera ndi chithunzi chosathandiza. PSMA ndi protein yomwe imachuluka pa maselo a khansa ya prostate, ndiye mankhwalawo, okhala ndi gallium-68 kapena fluorine-18, amakakamira pomwepo, ngakhale kachotupa kakang'ono mu mwanabele komwe CT wamba ikanakadutsa. Kafukufuku wa ku Australia wotchedwa proPSMA wa 2020, pa amuna pafupifupi 300, anapeza kuti imalondola 92 pa 100 pomwe CT ndi bone scan pamodzi zinali pa 65. Ku America anaivomereza mu December 2020.

Nanga bwanji osangoitanitsa mankhwalawo? Amatha mphamvu msanga, gallium-68 imatsika ndi theka pa mphindi 68 zilizonse, fluorine-18 pa mphindi 110, ndiye amapangidwa pafupi ndi makina tsiku lomwelo. N'chifukwa chake ife tinakwera ndege kupita ku South Africa. Kumeneko anaiyamba kale, Professor Mike Sathekge wa ku Steve Biko Academic Hospital ku Pretoria ndi wodziwika dziko lonse pa za PSMA. India ilinso nayo. Imbani foni kaye mufunse kuti ndi PSMA ndithu, tsiku lake ndi liti, musanagule tikiti.

Tsiku lake silovuta. Anawabaya cha m'ma 9, tinakhala ola limodzi akumwa madzi, anawauza akakodze, kenako anagona pa makina mwina mphindi 25 manja ali m'mwamba, iwo chomwe anadandaula ndi kuzizira basi. Tsiku limenelo anatiuza kuti asanyamule makanda kapena kukhala moyandikana ndi amayi oyembekezera. Chithunzi mukachiona musadzidzimuke, impso, chiwindi, chikhodzodzo ndi m'masaya momwe mumachokera malovu mumawala kwa aliyense. Komanso pali khansa zochepa zomwe sizionetsa PSMA, ndiye lipoti liwerengedwe ndi dokotala yemwe ali ndi biopsy m'manja, osati ife a pa WhatsApp.

Ine ndikanakhala inu, ndikanamufunsa dokotala mosapsatira kuti sikani imeneyi isintha chithandizo kapena ayi. Ngati Gleason ili 8 kupita m'mwamba kapena PSA yadutsa 20 ndipo akuganiza za opaleshoni kapena radiotherapy, kapena PSA yayambanso kukwera atachira, ndalama yake siipita pachabe. Ngati X-ray yaonetsa kale kuti ili m'mafupa, ndalamayo isungireni majakisoni a mahomoni ndi transport.

Koma bambo akayamba kumva msana kwambiri, miyendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mkodzo kutsekeka, musadikire tsiku la kliniki, atengereni ku casualty usiku womwewo.