Zinyalala za pakhomo ku Harare: muzisankhe bwanji, muzitaye kuti?

Mayi wina wochokera ku Mulanje, amene wangotha miyezi iwiri akuchita lendi ku Dzivaresekwa, dera lina la mu Harare, watilembera imelo. Akuti: "Kwathu tinali ndi dzala kuseri kwa nyumba. Kuno alandilodi aletsa kukumba, bini ndi imodzi ya mabanja atatu, ndipo galimoto ikachedwa timadzuka mphutsi zili pakhonde. Kodi kuno zinyalala amazisankha? Nanga ndikawotcha ndilakwa?"

Mayi, tiyambe ndi kusankhako. Galimoto yotola zinyalala mu Harare simabwera ndi zipinda zoikamo mapulasitiki pawokha, mapepala pawokha. Zonse zimalowa pamodzi n'kupita kudzala lalikulu la Pomona, kumpoto kwa mzinda, lomwe kuyambira 2022 likuyendetsedwa ndi kampani ya Geo Pomona Waste Management. Ndiye palibe amene adzakugogodereni kuti mwasakaniza botolo ndi makoko a nthochi. Komabe muzisankha ndithu, chifukwa chimene chimanunkha m'bini ndi chonyowa, ndipo mukachichotsamo, biniyo itha kudikira masabata awiri osavutitsa munthu.

Ntchentche ikaikira mazira pa mkute kapena matumbo a nsomba, pasanathe tsiku amakhala ataswa, ndipo m'nyengo yotentha ya Okutobala mphutsizo zimasanduka ntchentche m'sabata imodzi ndi masiku ochepa. Nkhani yonse ili pamenepa. Pezani chidebe cha malita 20 chokhala ndi chivundikiro chothina, zija zogulitsiramo penti kapena mafuta ophikira, chikhale cha zakukhitchini zokha: makoko a mbatata, mapesi a masamba, masamba a tiyi, zikamba za mazira. Pansi yalani mapepala kapena zidutswa za katoni kuti zimwe madzi. Madzi otsukira mbale asaloweko.

Ngati pali kamunda ka repu kapena kovo (ndiwo zamasamba zofanana ndi repu), monga zilili m'makomo ambiri kuno, pemphani kangodya kotalika mita imodzi mbali zonse. Kuunjika manyowa si kukumba dzala, ndipo alandilodi ambiri savuta akamva kuti manyowawo alowa m'munda mwawo momwe. Yambani ndi timitengo pansi kuti mpweya uzilowa, kenako chidebe chimodzi cha zonyowa, zidebe ziwiri za zouma (masamba a mitengo, udzu wouma, makatoni ong'amba), n'kuwazapo dothi pang'ono. Muzitembenuza pakatha masabata awiri alionse. Mukafinya m'manja zizimveka chinyontho koma osadontha madzi. Zikayamba fungo ngati la mazira owola, madzi achuluka, onjezani zouma. Zikangokhala osasintha, zauma kwambiri, thirani madzi. Pakatha miyezi iwiri kapena itatu mumapeza dothi lakuda lofewa. Nsima, mafupa, nyama ndi chilichonse chamafuta musaikepo, mungaitane makoswe a mumzere wonse. Zimenezo mupatse wa nkhuku kapena galu, zikatsala mumange m'jumbo iwiri, ndipo ngati muli ndi firiji muzisunge m'munsi mwa mufiriza mpaka m'mawa wa tsiku la galimoto. Magetsi akazima nthawi yaitali njira imeneyi siithandiza, ndiye kuli bwino kungophika zokwanira.

Gulu lachiwiri ndi la zinthu zimene wina angazigule. Mabotolo apulasitiki a zakumwa, zigubu za mafuta, zitini za aluminiyamu, makatoni ndi zitsulo zimagulidwa pa sikelo, n'chifukwa chake m'mamawa wa tsiku la galimoto mumaona anthu a zingolo ndi matumba akuluakulu akufufuza m'mabini. Tsukuluzani mabotolowo, aphwanyeni ndi phazi, ikani m'thumba lapadera pambali pa bini. Katoni ikhale youma, yonyowa sagula. Mukatero wotolayo amangonyamula thumba lake osakhuthula bini yanu pamsewu, ndipo pakapita milungu ingapo amakudziwani n'kumadzera pageti. Kusunga nokha kuti mukagulitse sikupindulitsa banja limodzi, pulasitiki ndi yopepuka, mudzadzaza chipinda musanapeze ya basi. Zitsulo zokha, monga mphika wobooka kapena bedi lothyoka, n'zimene zili ndi msika weniweni ku Magaba, ku Mbare. Mabotolo agalasi a mowa ndi zoziziritsa kukhosi obwezera aja bwezani kushopu. Galasi losweka likulungeni m'katoni musanaponye, otola ambiri amagwira ndi manja.

Zotsala ndizo za m'bini: matewera otaya, majumbo, timapepala ta maputi (mbuliwuli za m'mapaketi), zosesa m'nyumba. Thewera muyambe mwataya chimbudzi chake m'toileti, kenako kulunga n'kumanga m'jumbo. Thewera lenilenilo lisalowe m'toileti, chimodzimodzi mchenga wokwechera mapoto ndi mafuta ophikira otsala, chifukwa n'zimene zimatseka mapaipi a suweji mpaka zonyansa kusefukira pabwalo. Phulusa la mbaula lizizire tsiku lathunthu, apo ayi bini yapulasitiki isungunuka.

Tsiku la galimoto limasiyana malinga ndi dera, funsani aneba kapena ku ofesi ya khonsolo ya m'dera lanu. Ndalama yake ili kale pa bilu ya khonsolo imene imabwera kwa mwini nyumba pamodzi ndi ya madzi, ndiye mufunse alandilodi ngati ili mu lendi. Amene mukukhala ku Epworth kapena Chitungwiza dziwani kuti kumeneko kuli makhonsolo akeake. Tulutsani bini m'mawa, osati usiku, agalu sagona. Popeza muli mabanja atatu, gwirizanani kuti aliyense azimanga zake m'jumbo yakuda, ndipo kutsuka bini ndi madzi a Jik kuzikhala kosinthana sabata ndi sabata. Mikangano yambiri ya anthu ochita lendi pakhomo limodzi imayambira pa bini yopanda mwini.

Tsopano za kuwotcha. Inde, mulakwa. Malamulo a mzinda ndiponso a bungwe loona zachilengedwe la EMA amaletsa kuwotcha zinyalala ndi kuzitaya pamtetete, ndipo amalipiritsa chindapusa. Mudzaona utsi madzulo m'makomo ena ndi milu m'mphepete mwa msewu, koma inu musatengere. Mlendo sayamba dala nkhani imene ingafike pofunsidwa mapepala. Komanso utsi wa pulasitiki ndi matewera ndi poizoni kwa ana ndi odwala mphumu. Zotayidwa m'ngalande, mvula ya Novembala ikagwa, zimakokolokera m'mitsinje ngati Mukuvisi ndi Marimba n'kukathera m'nyanja ya Chivero, komwe mzinda umatunga madzi akumwa. Anthu a ku Budiriro ndi Glen View sanaiwale kolera ya 2008, imene inapha anthu oposa 4,000 m'dziko muno, ndi ina ya 2018. Pa chifukwa chomwechi alandilodi anu sanalakwitse kukana dzala ngati pakhomopo pali chitsime: maplot a kuno ndi aang'ono, mtunda wa mamita 30 umene umafunika pakati pa dzala ndi chitsime sungapezeke.

Batire ya sola kapena ya galimoto ikafa musaitsegule kapena kukhuthula asidi wake, ogulitsa mabatire ndi ogula zitsulo amaitenga chifukwa cha mtovu uli m'katimo. Mankhwala otha ntchito funsani ku famase, majakisoni a odwala shuga aikeni m'botolo lolimba lotseka n'kupita nalo kukiliniki.

Lachisanu loyamba la mwezi uliwonse ndi tsiku loyeretsa dziko lonse, lomwe Pulezidenti Mnangagwa analikhazikitsa mu Disembala 2018, kuyambira 8 mpaka 10 koloko m'mawa. Mukaona amayi a mumzere atuluka ndi matsache, tulukani nanu. Liwu loti mugwire ndi "marara", ndilo zinyalala m'Chishona, ndipo pa tsache pomwepo mudzamva tsiku lenileni limene galimoto imadutsa mumsewu wanu komanso wa chingolo amene amatenga mabotolo.