Kwa achimwene a ku Zomba amene akufuna moyo wa paulendo

Kalata yanu ndaiwerenga katatu, achimwene. Mwati muli ndi zaka 25, mwatopa ndi kudikira ntchito, ndipo mukufuna kupita ku Joni kukakhazikika, kuti muzipeza ndalama n'kumaona mayiko ngati mmene ndimachitira ine. Pomaliza mwalemba kuti "inu zinakuyenderani, mumangoyenda." Mawu amenewa ndi amene andichedwetsa kuyankha sabata yathunthu.

Ine ndinalowa mu South Africa mu 2013. Ndinakwera basi ku Blantyre, tinatulukira pa Mwanza, kuwoloka Zambezi pa mlatho wa ku Tete, kulowa Zimbabwe pa Nyamapanda, kenako Harare, Beitbridge, mpaka Park Station, siteshoni ya mabasi ku Johannesburg. M'thumba munali nambala ya msuweni wanga ndi ndalama ya mbuzi ziwiri zimene bambo anagulitsa. Pachipata anandidindira masiku 30, monga amachitira ndi Mmalawi aliyense wopita kukacheza. Masikuwo anatha ndikutsuka mbale mu lesitilanti ina, ndipo ndinati ndidikire kaye malipiro a mwezi wachiwiri. Wachiwiri unabala wachitatu. Mu 2014 malamulo anasintha: munthu wopitirira masiku ake samulipiritsanso chindapusa, amamuletsa kulowanso m'dzikomo. Ukapitirira ndi masiku osaposa 30 ndi chaka chimodzi, ukaposa pamenepo ndi zaka 5. Kuyambira tsiku limenelo ndinadziwa kuti ndikangotuluka, ntchito yatha, ndalama ya fizi ya alongo anga yatha.

Ndiye ndinakhala. Zaka 5 ndinali munthu wa "kunja" amene sanaonepo nyanja ya ku Durban, sanaonepo phiri la ku Cape Town. Dziko langa linali chipinda, tekisi, khitchini, ndi tchalitchi Lamlungu. Ndikaona galimoto ya apolisi ndinkakhotera njira ina, poopa kukathera ku Lindela, malo osungirako alendo opanda zilolezo asanawabweze kwawo. Mu April 2015, pamene alendo ankamenyedwa ku Durban ndi ku Johannesburg, boma lathu linatumiza mabasi kukatenga anthu. Ndinalongedza katundu usiku, m'mawa ndinamasulanso. Ndinkaopa kufa, komanso ndinkaopa kufika ku Ntcheu ndi chikwama chomwe chija ndinachoka nacho.

Bambo anamwalira mu 2017. Malume anandiimbira mbandakucha, ndipo asanamalize n'kulira komwe anati, "Usabwere, tumiza ya bokosi." Ankanena zoona, ndipo ndinachita zomwezo. Ndinatumiza ya bokosi, ya ufa, ya nkhuni, ya mafuta a galimoto. Pa ola limene ankawatsitsira m'manda ine ndinali ndikudula anyezi, chifukwa abwana anati tsiku limenelo kuli alendo ambiri. Mpaka lero sindinapeze mawu ofotokozera mayi chifukwa chake mwana wawo wamwamuna mmodzi yekhayo sanaponye dothi.

Zimenezi kwathu si zachilendo. Agogo anga aamuna anapita ku migodi ya ku Joni nthawi ya Wenela, bungwe limene linkalemba anthu ntchito za kumigodiko, ndipo sanabwerere. Mu 1974 ndege yonyamula anthu ochokera ku migodi inagwa ku Francistown, Amalawi 74 anafa, ndipo Kamuzu analetsa zolemba anthu ntchito za kumeneko. Ambiri anabwerera kumudzi ndi njinga, mawailesi, mabulangete. Agogo sanali m'ndegemo, sanalinso m'gulu la obwerera. Anangosiya kulemba makalata. Kumudzi ankawatcha mtchona, ndipo ndili mwana ndinkaganiza kuti mtchona ndi munthu wouma mtima, woiwala kwawo dala. Nditakhala ndekha m'chipinda chija ndinamvetsa kuti utchona umayamba ndi kunena kuti "ndipita chaka chamawa, ndikapeza kaye kenakake."

Ndipo apa ndinene mosabisa, chifukwa zimandipweteka. Ife amene tili kunja timanama. Timajambulitsa titatsamira galimoto ya abwana, n'kuika pa Facebook, koma chipinda chimene timagonamo anthu anayi sitichionetsa. Mnyamata wa ku Mzimba kapena ku Mangochi amaona chithunzicho n'kugulitsa munda wa makolo. Koma a kumudzi nawonso ali ndi mlandu. Munthu akabwerera chimanjamanja timamuseka pamaliro, pachigayo, paliponse, mpaka ena amasankha kuvutikira kutali kusiyana ndi kupirira maso a anthu. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu November 2023, ndalama yochepa yotumizidwa kuchokera kunja inayamba kuoneka ngati chuma, ndipo mafoni opempha anachuluka. Palibe amene amafunsa kuti wotumizayo wadya chiyani. Ine ndimakana ndithu kuti mwana wa munthu akhale munda wa banja lonse pamene iye mwini sangathe n'kubwera kudzaika bambo ake. Zimenezo si chikondi, ndipo ndidzazinena ngakhale abale anga akwiye.

Mu 2018 ndinatuluka ndekha. Pa Beitbridge anandilembera zaka 5 zija, ndipo ndinalandira chikalatacho manja akunjenjemera, koma titawoloka Limpopo ndinagona tulo timene ndinali ndisanagonepo chichokereni kwathu. Ndinapita kumanda a bambo, ndinakhala ndi mayi miyezi inayi. Chimene ndinabwera nacho sichinali ndalama. M'khitchini muja ndinachoka pa mbale n'kufika pa mapoto, ndipo ndinkatha kuphikira anthu 40 popanda kusokoneza. Luso limeneli ndi limene linandipezera ntchito ku Livingstone, pa kampani yonyamula alendo oona malo, ndipo ndi kampaniyo imene inandikonzera chilolezo chogwirira ntchito mu Zambia.

Kuyenda kumene mumakuona pa zithunzi kunayambira pamenepo. Ndaphika nsima ndi nyama m'mphepete mwa mtsinje wa Chobe njovu zikumwa madzi tsidya lina. Ndaona nkhalango ya nyama ya Etosha ku Namibia, ndagona ku Mfuwe mvuu zikulira usiku wonse, ndawoloka mlatho wa Kazungula umene unatsegulidwa mu 2021, pamene kale tinkadikira pantoni maola ambiri. Ndimazikonda zimenezi, sindingabise. Koma ndimadzuka 4 koloko alendo ali m'tulo, ndimagona iwo atagona kale, ndipo mathithi a Mosi-oa-Tunya (Victoria Falls) ndimawamva kulindima ndili pa moto kuposa mmene ndimawaonera. Mu 2020 matenda a Covid atatseka zipata, ntchito inaima yonse, ndipo chimene chinandidyetsa ndi mbatatesi ndi kabichi za ku dimba la mayi. Mwana wanga wamkazi anayamba kuyenda ine ndili ku Namibia. Chinyanja cha kuno chimamveka ngati chathu, ndipo pamsika sindisowa wocheza naye, komabe madzulo ena ndimangofuna kumva munthu akunditchula ndi mfunda wanga.

Zoti muchite

Musapite kukasaka mwayi, pitani ndi chinthu m'manja: kuphika, kuwotcherera, umakaniko, laisensi ya galimoto zazikulu, ndipo ngati n'kotheka pepala la TEVETA likhalepo. Masiku 30 aja ndi ochezera, si ogwirira ntchito, choncho funani bwana amene angakukonzereni chilolezo, ndipo musapitirire tsiku lodindidwa ngakhale ndi limodzi. Pasipoti yanu musapatse munthu aliyense kuti akusungireni kapena "akakudinditsireni." Ndalama ya basi yobwerera ikhale payokha, isakhudzidwe ngakhale kumudzi kutavuta. Mukafika lowani m'gulu la Amalawi losonkherana za maliro, chifukwa kunyamula thupi kubwera nalo kumudzi n'kodula kwambiri. Ndipo musanachoke khalani pansi ndi makolo, mugwirizane ndalama imene muzitumiza ndi mwezi umene muzibwera chaka chilichonse.

Musaganize kuti ndikukuletsani. Mu 2023 zaka zanga 5 zitatha ndinalowanso mu Johannesburg ndi galimoto ya kuntchito, ndinadutsa pafupi ndi msewu umene ndinkakhala, ndipo ndinapeza anzanga awiri akadali m'nyumba yomwe ija. Mmodzi ali ndi imvi tsopano. Anandipatsa envulopu ndi nsapato za mwana amene anamusiya ali m'mimba, kuti ndikapereke ku Balaka.

Ndilembereninso mundiuze chimene manja anu amatha. Mwezi wa December ndidzakhala ku Ntcheu, tikumanga chiliza cha bambo, ndipo ngati mungakwere minibasi kuchokera ku Zomba tidzakambirane bwino tili pakhonde.