N'chifukwa chiyani karola kopaka mafuta m'makina a fotokope n'kodula chonchi?

Bambo ena amene ali ndi shopu ya fotokope ku Limbe anditumizira imelo. Akuti mapepala ayamba kutuluka ndi mizere ya mafuta, ndipo zilembo za pamwamba zikumaonekanso mozimiririka cha m'munsi mwa pepala. Wokonza makina wawauza kuti karola kopaka mafuta katha, koma mtengo wa katsopano wawadula mawu. Akufunsa kuti: "Kodi kachikopa koyera kamene kakuta karolaka n'kachiyani? Sindingangokulungapo nsalu ya thonje? Nanga n'zoona zimene akunena wokonzayo kuti chinthu chomwechi n'chimene amasefera fumbi m'mafakitale?"

Bambo, nsaluyo musakulungepo. Wokonzayo sanakunamizeni ayi.

Tona si inki yamadzi. Ndi ufa wosalala wa pulasitiki, ndipo ikafika papepala imangokhala pamwamba, moti mutaikhudza ndi chala ingachoke. Kuti igwire, pepala limadutsa pakati pa marola awiri m'chigawo chimene okonza amachitcha fuser. Rola imodzi imatentha kufika madigiri pafupifupi 180 mpaka 200, ina imakanikiza. Tona ikasungunuka imamata paliponse, sisankha kuti apa ndi pepala, apa ndi rola. Imene yatsalira pa rola imadindidwanso rolayo ikazungulira, ndipo ndizo zilembo zozimiririka mukuzionazo. Pofuna kupewa zimenezi, makina ambiri, makamaka akale, amapaka mafuta a silikoni pa rola yotenthayo.

Nkhani yonse yagona pa muyeso. Mafuta akachepa tona imamata, akachuluka pepala limatuluka ndi mizere ndipo cholembera chimaterereka osalemba. Amafunika kutuluka pang'onopang'ono kwambiri, mofanana kuyambira mbali ino ya rola mpaka mbali inayo, lero ndi miyezi ikubwerayi chimodzimodzi. M'kati mwa karolako muli siponji kapena nsalu yokhuthala imene imamwa mafuta ndi kuwakweza ngati chingwe cha koloboyi. Koma amene amalamula kuti atuluke angati ndi kachikopa koyera kakunjako. Nsalu ya thonje singakwanitse ntchito imeneyi. Mipata yake ndi yaikulu ndiponso yosafanana, choncho poyamba idzakhuthula mafuta ambirimbiri, kenako n'kuuma. Ulusi wake udzayamba kuthothoka ndi kutentha, tona idzalowerera n'kuuma gwa, ndipo chimene munaika kuti chiteteze rola n'chimene chidzayambe kuikanda.

Kachikopako n'ka PTFE, pulasitiki imene ambiri timaidziwa ndi dzina la malonda lakuti Teflon. Anaitulukira mwangozi Roy Plunkett mu 1938, akugwira ntchito kukampani ya DuPont ku New Jersey. Ankafufuza mpweya woziziritsira mafiriji, ndiye atatsekula botolo lachitsulo anapeza mpweyawo wasanduka ufa woyera woterera. Chaka chomwecho Chester Carlson anapanga kope yake yoyamba ya njira ya ufa wouma, imene makina a fotokope amagwiritsa ntchito, ku Astoria, mumzinda wa New York. PTFE imasungunuka pa madigiri 327, imagwira ntchito bwinobwino mpaka cha pa 260, asidi saidya, ndipo zinthu zambiri zimakanika kumatapo. Kutentha kwa fuser sikuichititsa kanthu.

Koma PTFE wamba ilibe mabowo. Mabowo anabwera mu 1969. Bob Gore, mwana wa Bill ndi Vieve Gore amene anayambitsa kampani ya W. L. Gore & Associates ku Newark, Delaware mu 1958, ankayesa kukoka timitengo ta PTFE totenthetsa. Akakoka pang'onopang'ono tinkaduka. Tsiku lina anakoka mwadzidzidzi, mwamphamvu, ndipo kamtengoko kanatalika kangapo osaduka. M'kati mwake munali mutasanduka timfundo tolumikizana ndi timaulusi tosaoneka ndi maso, ndipo gawo lalikulu, pafupifupi 70 peresenti, linali mpweya. Mukafuna kuona chiyambi cha zimenezi, tengani tepi yoyera imene amapulamba amakulunga pa mazinga a paipi, chifukwa nayonso ndi PTFE. Ikokereni m'mbali mofatsa, muiyang'anitse padzuwa. Imapyapyala, imayamba kuonetsa kuwala, ndipo m'mphepete mumatuluka timaulusi tambirimbiri.

Chimene chimandigometsa n'chakuti opanga amatha kusankha kukula kwa timabowoto posintha kutentha ndi liwiro la kakokedwe. Ndalama yanu ikugula zimenezo: timabowo toyezedwa, tofanana pa karola konse. Ndipo poti kachikopako n'kopyapyala ndi kofewa, sikaima pakokha. Amakamata pa siponji kapena pa nsalu yopirira moto, ndipo ena amadzaza gawo la timabowoto ndi labala wa silikoni wosakaniza ndi mafuta, kuti kalimbe komanso mafuta azisefukira modekha.

Za kusefa fumbi, n'zoona. M'mafakitale a simenti, a zitsulo ndi m'ng'anjo zootchera zinyalala, utsi umadutsa m'matumba ataliatali ansalu usanatuluke kunja. Thumba wamba limagwira fumbi m'kati mwa ulusi wake, ndipo pakapita nthawi limatsekeka. Thumba limene lili ndi kachikopa ka PTFE pamwamba limaimitsa fumbi kunja, mpweya wokha n'kumadutsa. Makina akauzira mpweya mwamphamvu kuchokera m'kati, fumbi lounjikanalo limayoyoka chifukwa pamalopo m'poterera. Majekete osalowa mvula a Gore-Tex, nsalu ya kampani ya Gore ija, amayendera nzeru yomweyo: dontho la mvula n'lalikulu kwambiri moti silingalowe m'kabowo, pamene nthunzi ya thukuta imatuluka.

Pali china choti musachitenge mwachibwana. Karola kakale musakaponye pamoto wa zinyalala kuseri kwa shopu. PTFE ikapsa imatulutsa utsi wapoizoni umene umadwalitsa munthu ngati chimfine chachikulu, ndipo mbalame zimafa nawo msanga. Kapangidwe kake nakonso kali ndi mbiri yowawa. Kwa zaka zambiri mafakitale ankagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa PFOA popanga PTFE, ndipo mankhwalawa anaipitsa madzi akumwa a anthu okhala pafupi ndi fakitale ya DuPont ku Parkersburg, West Virginia. Mu 2019 mayiko anaika PFOA pamndandanda wa mankhwala oyenera kuthetsedwa pansi pa pangano la Stockholm. Ndimachilemekeza chipangizochi, koma anthu a ku Parkersburg analipira mtengo umene sanaupemphe.

Musanatulutse ndalama, Bambo, muuzeni wokonzayo achotse fuser yonse muione limodzi itazizira. Rola yotenthayo nayonso imakutidwa ndi pulasitiki ya mtundu womwewu, ndipo ngati wina anachotsapo pepala lokodwa ndi mpeni kapena sikuludilaiva, mudzaona pokandika. Ngati yakandika, karola katsopano sikathetsa vutolo, ndipo katha msanga. Gulani kolingana ndi nambala ya makina anuwo, musathiremo mafuta a mtundu wina uliwonse kupatula a silikoni amene opanga makinawo analemba. Tsiku limene mudzafune kugula makina ena, funsani ngati tona yake ili ndi phula (wax) m'kati mwake, chifukwa makina ambiri atsopano otero safuna karola kamafuta n'komwe.