FUNSANI ANKOLO: Hans Zimmer ndi ndani, zoti sanaphunzire nyimbo ndi zoona?

Funso: Ankolo, ine ndimaimba kiyibodi mukwaya ya kutchalitchi kwathu kuno ku Lizulu, manotsi sindiwadziwa ndimangogwira ndi khutu basi. Dzina loti Hans Zimmer ndimaliwona kawirikawiri kumapeto kwa mafilimu ndiye mnzanga akuti ameneyu nyimbo sanapite nazo kusukulu. Zoona zimenezi? Nanga ineyo zingatheke? Wowerenga wanu, Lizulu, Ntcheu.

Yankho: Mphwanga, mnzakoyo sakunama koma wakuuza theka chabe. Zimmer anabadwa mu 1957 ku Frankfurt m'dziko la Germany, bambo ake anamwalira iye ali kamwana, ndipo mwini wake amanena kuti maphunziro a piyano anangochita masabata awiri. Ali mnyamata anapita ku London komwe ankapanga tinyimbo totsatsira malonda pa synthesizer, kiyibodi yamagetsi yopanga mawu osiyanasiyana.

Theka lomwe wakubisira ndi ili: Zimmer anakhala zaka zingapo pansi pa Stanley Myers, mkulu yemwe ankapeka kale nyimbo za mafilimu, kumuthandiza ntchito uku akuwonera momwe okestra, gulu lalikulu la oimba ndi zida, imayendera. Sukulu yake inali imeneyo, ya pantchito, ngati mmene mwana amaphunzirira kuwotcherera pa galaja ya wina.

Mwayi unabwera kudzera ku Africa konkuno. Mu 1988 anapeka nyimbo za A World Apart, filimu ya nkhani za tsankho ku South Africa, mkazi wa dayilekitala Barry Levinson atazimva anazikonda ndiye Zimmer anaitanidwa kukapanga za Rain Man, basi Hollywood yatseguka. Mu The Lion King ya 1994 mawu aja amakuwa m'Chizulu koyambirira ndi a Lebo M wa ku Soweto, mnzake wa Zimmer, ndipo filimuyi inapatsa Zimmer Oscar yake yoyamba, mphoto yaikulu ya mafilimu ku America. Yachiwiri anadikira mpaka 2022 ndi filimu ya Dune.

Ntchitoyi si kungopeka nyimbo yokoma ayi. Amakhala pansi ndi dayilekitala kugwirizana kuti nyimbo ilowe pati, ituluke pati, penanso pangokhala zii. Amayamba wapanga zonse pa kompyuta, kenako anthu ena amazilemba m'manotsi, oimba vayolini ndi malipenga nkujambula atavala mahedifoni kuti asaphonyane ndi chithunzi ngakhale ndi sekondi imodzi. Pa Interstellar ya 2014, dayilekitala Christopher Nolan anangomupatsa pepala limodzi lokamba za bambo ndi mwana wake osamuuza kuti ndi filimu ya kuthambo, ndipo limba lalikulu lomwe limamveka mmenemo anakalijambula mutchalitchi cha Temple Church ku London. Chomvetsa chisoni n'choti m'mavidiyo shoo athuwa DJ womasulira amalankhulira pamwamba pake mpaka thukuta lonselo osamveka.

Sikuti aliyense amamutama. Ena amadandaula kuti situdiyo yake ya Remote Control ku Santa Monica ili ndi achinyamata ambiri omuthandiza moti mafilimu ambiri ayamba kumveka mofanana, ng'oma zogunda pamtima zokhazokha, ine pamenepo ndimavomereza pang'ono.

Tsono iwe manotsi phunzira ndithu, ma do re mi a kukwayawo ndi poyambira kale, a kwayamasitala akuthandize. Tenga kachigawo ka filimu pafoni, tseka mawu, uimbire pa kiyibodi katatu mosiyana, kamantha, kachisoni, koseketsa, uwonetse anzako uwone ngati nkhope zawo zikusintha. Ukatero saka anyamata omwe akujambula timafilimu ta YouTube ku Ntcheu boma kapena ku Dedza uwapemphe uwaikire nyimbo, ambiri amangotola za eni ake pa intaneti.