Yambani ndi wotchi komanso kudula mtunda m'zigawo

Mayi, mwanena kuti kwa zaka ziwiri mwakhala mukusambira katatu pa sabata m'damu la mamita 25, maulendo 40 osaima, koma liwiro lanu silikusintha, ndipo mukufunsa mmene munthu wa zaka 43 wopanda mphunzitsi angayambire kusambira motsatira ndondomeko. Inenso ndinayamba nditapitirira zaka 40, choncho funso lanu landikhudza.

Maulendo 40 amenewo ndi mamita 1,000, ndipo thupi lanu linawazolowera kalekale. Chimene ndikukulangizani si kuwonjezera mtunda ayi, koma kuudula m'zigawo. M'malo mosambira mamita 1,000 mosalekeza, sambirani mamita 100 kakhumi, n'kumapumula masekondi 20 pakati pake. Mtunda ndi womwewo, koma kupumula kochepako kumakupatsani mphamvu zoti mupalase madzi mwadongosolo komanso mofulumirapo mpaka kumapeto, pamene munthu wosambira osaima amayamba kuphuphaphupha akatopa, ndipo thupi limaloweza kapalasidwe kolakwikako.

Kuti zimenezi zitheke muyenera kudziwa liwiro lanu lenileni, ndipo apa m'pamene wotchi imafunika. Aphunzitsi ambiri amagwiritsa ntchito muyeso wotchedwa Critical Swim Speed. Mukatenthetsa thupi, mumasambira mamita 400 mwamphamvu zanu zonse n'kulemba nthawi, kenako mumapumula mokwanira, mwina mphindi 10, n'kuchita chimodzimodzi pa mamita 200. Mukachotsera nthawi yachiwiri pa yoyamba n'kugawa ndi 2, mumapeza nthawi imene muyenera kutenga pa mamita 100 alionse. Mwachitsanzo, ngati mamita 400 mwatenga mphindi 8 ndi masekondi 40, ndipo mamita 200 mwatenga mphindi 4, kusiyana kwake ndi masekondi 280, theka lake ndi 140, kutanthauza mphindi 2 ndi masekondi 20. Popeza muyesowu umapanikiza mtima, ngati muli ndi vuto la kuthamanga kwa magazi kapena munamvapo kupweteka pachifuwa, yambani mwaonana ndi dokotala.

Chovuta kwambiri kwa ife akuluakulu ndi kumvera nambala imeneyi. Tsiku langa loyamba ndinalemba ndondomeko papepala, n'kuliika m'kajumbo ka pulasitiki m'mphepete mwa damu, koma nditalowa m'madzi ndinaona ngati liwiro lolembedwalo ndi la munthu waulesi. Mamita 100 oyamba ndinawamaliza masekondi 15 nthawi isanakwane. Pofika chigawo chachisanu ndinali nditakolowekeza zigongono pakhoma, magalasi atachita nthunzi, ndili wefuwefu, ndipo wotchi inasonyeza kuti ndachedwa ndi masekondi 20. Chimene chikufunika n'chakuti chigawo chomaliza chifanane ndi choyamba, ndipo ngati choyambacho mwachiona chophweka kwambiri, dziwani kuti mwayamba bwino.

Tsiku limodzi likhoza kuyenda motere. Mumayamba ndi mamita 200 pang'onopang'ono, kenako mamita 50 kanayi okonza kapalasidwe, kenako mamita 100 kasanu n'kamodzi pa liwiro lanu lija, n'kumalizira ndi mamita 100 osambira chagada kuti mapewa amasuke. Zonse pamodzi ndi mamita 1,100, zomwe sizikutalikirana ndi zimene mumachita kale. Pa masiku atatu anuwo, limodzi likhale la ndondomeko imeneyi, lina la kapalasidwe, ndipo lachitatu musambire monga mwa masiku onse, osayang'ana wotchi, chifukwa sindikufuna kuti mutaye chisangalalo chimene chakusungani m'madzi zaka ziwiri.

Za kapalasidwe ndinenepo pang'ono, chifukwa madzi ndi olemera kuposa mpweya pafupifupi ka 800, ndipo kalakwitsidwe kakang'ono kamakudyerani mphamvu zambiri. Ambiri amene tinadziphunzira tokha timadzutsa mutu pofuna kukoka mpweya, ndipo mutu ukangodzuka miyendo imamira, thupi n'kumakhala ngati likukoka katundu. Yang'anani pansi pa damu, tulutsani mpweya pang'onopang'ono nkhope ili m'madzi, ndipo potembenuka kuti mukoke wina, diso limodzi likhalebe m'madzi. Muziwerenganso kuti mwapalasa kangati pa ulendo umodzi. Ngati lero ndi ka 26 ndipo pakatha miyezi iwiri ndi ka 23 pa liwiro lomwelo, mwapita patsogolo ngakhale wotchi isanasinthe. Pemphaninso mnzanu akujambuleni pa foni muli m'madzi, chifukwa zimene munthu amaganiza kuti manja ake akuchita zimasiyana kwambiri ndi zimene akuchitadi.

Mapewa muwasamale. Zopalasira za pulasitiki zovala m'manja zija muzisiye kaye miyezi yoyambirira, chifukwa zimawonjezera katundu pa phewa limene silinakhwime, ndipo mtunda muziwonjezera pang'onopang'ono, mwina chigawo chimodzi cha mamita 100 pa sabata. Kutopa kwa minofu n'kwachibadwa, koma ululu wobaya kutsogolo kwa phewa pokweza dzanja ndi chizindikiro choti muime. Ngati damu lanu silitenthetsedwa, mu June ndi July muzitenthetsa thupi muli kumtunda musanalowe, ndipo musaime nthawi yaitali pakhoma.

Nkhani ya zaka isakudetseni nkhawa. Bungwe la World Aquatics, limene mpaka 2022 linkatchedwa FINA, lili ndi mipikisano ya akuluakulu yotchedwa Masters yoyambira zaka 25, ndipo opikisana amagawidwa m'magulu a zaka zisanuzisanu, moti inu mungakhale m'gulu la zaka 40 mpaka 44. Sindikunena kuti muyenera kupikisana, koma ngati kumene mumasambirako kuli kagulu ka anthu otere, lowanimo ngakhale kamodzi pa sabata, chifukwa kukhala ndi anzanu odikira nawo pakhoma kumathandiza kuti musadumphe zigawo zovuta. Gulani kabuku kolembamo nthawi zanu, bwerezani muyeso uja pakatha masabata asanu ndi limodzi, ndipo mudzatilembere nambala ya muyeso woyamba ndi ya wachiwiri kuti tidzakuthandizeni kukonza ndondomeko yotsatira.