Mafunso Anu: Kupsa, Chithandizo Chake ndi Chipukuta Misozi

Mafunso a mwezi uno ayankhidwa ndi namwino wosamalira anthu opsa mothandizana ndi loya.

FUNSO: Mwana wanga wa zaka 3 anadzikhuthulira madzi owira pachifuwa. Ena ankati ndipakepo mankhwala otsukira mano, ena dzira laliwisi, mpaka mutu unaima. Choyenera n'chiyani?
Mayi wa ana awiri

YANKHO: Pepani mayi. Choyenera ndi madzi basi. Thirani madzi oyera, ozizira bwino, pamalo opsawo kwa mphindi 20 zathunthu, chifukwa kutentha kumapitirira kudya mnofu mkati ngakhale mwana atachoka pangoziyo. Mukachedwa, kuthira madzi kumathandizabe mpaka maola 3. Ayezi ayi, amafinya mitsempha ya magazi, chilonda n'kuzama. Ziziritsani chilonda chokha koma thupi lonse mulifunde, poti mwana sachedwa kuzizidwa.

Vulani zibangili ndi zovala zothina thupi lisanatupe, koma nsalu yomatirira pachilonda musaikoke, ingodulani m'mbali. Matuza musaboole. Dzira, mafuta ndi mankhwala otsukira mano zimalowetsa majeremusi, ndipo kuchipatala timayamba tazipala kuti tione chilonda, mwana akulira kachiwiri. Phimbani ndi nsalu yoyera yopanda ubweya.

Poyeza kukula kwake, chikhatho cha mwanayo pamodzi ndi zala ndi gawo limodzi mwa magawo 100 a khungu lake. Mwana akapsa zikhatho 10, kapena wamkulu 15, amataya madzi ambiri m'thupi ndipo amafunika diripi msanga. Kupsa kwa kumaso, m'manja, kumapazi, kumaliseche, molumikizira mafupa kapena kozungulira mkono wonse n'kwa kuchipatala ngakhale kuchepe bwanji. Pitani ndi khadi lake la katemera kuti aone ngati ndi wotetezedwa ku kafumbata.

FUNSO: Ndinagwidwa ndi magetsi kuntchito, pa waya wosakutidwa amene tinkadandaula kalekale. Chilonda chili pachikhatho, chayera mbee ndipo sichipweteka. Abwana akuti andipatse kangachepe ndisaine kuti nkhani yatha. Ndilandire?
Bambo wogwira ntchito pafakitale

YANKHO: Bambo, musasaine kaye. Kusapwetekako ndiye kukutidetsa nkhawa. Chilonda cha pamwamba pa khungu chimafiira, chimawawa, n'kupola pa sabata imodzi. Cha matuza chimatenga masabata 2 kapena 3. Koma choyera kapena chakuda, cholimba ngati chikopa, ndiye kuti khungu lonse lafa pamodzi ndi mitsempha yomvera ululu. Chotere kawirikawiri chimafuna opaleshoni yosenga khungu lopyapyala, makamaka pantchafu, n'kulimata pachilondapo. Magetsi amanamizanso: polowera pamachepa pomwe mnofu wa mkati wapsa kutali. Uzani adokotala kuti anali magetsi kuti ayeze mtima, ndipo mkodzo ukada ngati tiyi wopanda mkaka thamangirani kuchipatala, impso zili pangozi.

Chipsera chimakoka chikamakhwima. Zala zimene lero zikutambasuka zikhoza kupindika patapita miyezi ngati simuchita mafizo ndi kuvala chowongolera chimene angakupatseni. Chipsera chimatenga chaka, mwina ziwiri, kuti chikhazikike. Ndiye mtengo wa dzanja lanu auwerengera pati lero? Mukasaina kuti mwalandira zonse, kubwereranso n'kovuta zedi.

M'mayiko ambiri njira zilipo ziwiri. Yoyamba ndi chipukuta misozi cha ovulala pantchito: simufunika kuonetsa kuti abwana analakwa, bola munavulala mukugwira ntchito, ndipo ndalama zimawerengedwa potengera malipiro anu ndi kukula kwa chilema chimene dokotala walemba. Yachiwiri ndi kusumira kukhoti chifukwa cha kusasamala. Apa muyenera kuonetsa kuti anali ndi udindo wokutetezani, anaunyalanyaza, ndipo kunyalanyazako ndi kumene kunakuvulazani. Khoti limaona ndalama za kuchipatala, malipiro amene mwaluza, ntchito imene simudzathanso kugwira, ululu, ndi kuwonongeka kwa maonekedwe. Kwina malamulo salola kutsata njira zonse ziwiri, choncho onanani ndi loya musanasankhe.

Milandu yambiri imagwa chifukwa cha umboni, osati chifukwa wovulala ankanama. Lembani kalata yodziwitsa abwana za ngoziyo, musunge kope. Jambulani wayayo asanaukonze, poti ukakonzedwa mawa adzati unali bwino. Jambulaninso chilonda sabata iliyonse. Sungani lipoti la dokotala, malisiti onse, ngakhale a bandeji ndi thiransipoti, ndi mayina a anzanu amene anaona kapena anadandaulapo za wayayo. Ngati dandaulolo linalembedwa papepala kapena pa uthenga wa pafoni, ligwireni ndi manja awiri.

FUNSO: Mchemwali wanga anapsa chaka chatha sitovu ya gasi yatsopano itaphulika. Kodi tachedwa? Komanso iye anayatsa akumva kafungo ka gasi.
Mlongo wake

YANKHO: Mwina ayi, koma fulumirani. Dziko lililonse lili ndi malire a nthawi yokasuma, ndipo kwambiri amakhala zaka 2 kapena 3 kuchokera tsiku la ngozi. Kwa mwana, nthawi zambiri kuwerengako kumadikira mpaka atakula. Sitovuyo musataye, musakonzetse, ndipo musaibweze kwa wogulitsa loya asanaione, chifukwa ndiyo mboni yaikulu. Pezaninso lisiti yogulira. Za kafungoko, muuzeni loya mosabisa. Kulakwitsa kwa wovulala nthawi zambiri kumangochepetsa ndalama molingana ndi gawo lake: khoti likati mchemwali wanu analakwa magawo 25 pa 100, amalandira magawo 75 otsalawo.